Ulendo wa ku chiliza, ndi mwala wa pa dambo

Lachinayi, Area 36

Ndafika ku Lilongwe dzuwa litapendeka, msana uli gwa. Ndinanyamuka ku Blantyre cha m'ma 7 koloko m'mawa, maso ali psuu chifukwa dzulo ndinachezera pamzere wa mafuta. Kagalimoto kangaka ndi Corolla Fielder ya 2005, mwa zija zimabwera kuchokera ku Japan zitayenda kale, ndipo thanki yake imalowa malita 50. Ndinaidzaza mpaka pakamwa, poti za mafuta masiku ano sizipanganika.

Msewu unandikomera. Mlatho wa Zalewa, chipata cha Chingeni, zitunda za ku Ntcheu, injini ikungoyimba. Pa Lizulu amayi anandizinga ndi mabeseni a tomato ndi kachewere, ine n'kumati ndidzagula pobwerera. Ku Dedza kamphepo kanali kozizira ngakhale tili mu Seputembala. Pofika pano, nditayenda makilomita opitirira 300, geji ikuloza cha pa theka.

Chandibweretsa ndi chiliza cha atsibweni, omwe anatisiya chaka chatha. Mwambo uli Loweruka kumudzi, kuseri kwa Mitundu. Achemwali andilandira ndi nsima ya nkhwani wotendera ndi usipa, kenako alamu andionetsa katundu wopita kumudzi mawa, ali mbwee pakhonde. Ndawafunsa ngati kukubwera lole. Angoseka. Lole yake ndine.

Lachisanu, kumudzi

Tinapakira m'bandakucha: matumba awiri a ufa, limodzi la mpunga, makabichi, mafuta ophikira, mapoto akuluakulu obwereka ku mpingo, kuphatikiza anthu asanu. Galimoto inagwada kumbuyo. Ndinaona ndithu kuti matayala atsala pang'ono kubisala, koma ndani angauze mayi aang'ono kuti atsike akakwere minibasi?

Kuchokera pomwe msewu wa ku Bunda umapatukira pa M1 mpaka pa Mitundu ndi phula, phiri la Bunda lili apo ngati mphika wovundikira. Kupitirira apo ndi fumbi lokhalokha. Msewu wakwathu mvula imaudya chaka ndi chaka, ndipo ngolo zimakumba tinjira tiwiri n'kusiya msana pakati. Wodziwa kuyendetsa amakweza matayala a mbali imodzi pamsanapo. Ndinachita zomwezo mpaka pa dambo, pomwe ndinakumana ndi ngolo ya ng'ombe itasenza njerwa. Popatuka, matayala onse anagwera m'tinjira tija, pansi n'kumveka gu! Mayi aang'ono anakuwa kuti mayo, akuti china chake chawamenya pampando.

"Alamu, taimani tione," anatero alamu anga.

Ndinaima, n'kugwada kutsogolo kusuzumira pansi pa injini. Mantha anga anali pa oilo, poti ndinamvapo za anthu amene anaboola sampu, chibeseni chosungira oilo pansi pa injini, n'kupha injini osadziwa. Panalibe dontho ngakhale limodzi. Ndikuganiza kuti ndi ekizozi chabe yomwe inakhudza mwala. Tinapitiriza, ndipo galimoto sinasinthe mayendedwe.

Kumudzi kuno munthu wobwera ndi galimoto sapuma. Ndakatenga mipando kusukulu maulendo awiri, ndakatenga amfumu, ndakagula shuga amene anaiwalika. Geji yatsika kufika cha pa kota. Pano kwada, amayi akuyimba kuseri uku akusenda makabichi, mapiri a Dzalanyama angotsala mdima chabe kumadzulo. Pabwalo pakumveka kafungo ka petulo, koma anyamata a zokuzira mawu abwera ndi jenereta yawo, ndiye ayenera kuti ndi iwowo.

Loweruka, Area 36, usiku

Mwambo unayenda bwino. Abusa analalika mwachidule, zomwe atsibweni akanakondwera nazo, kwaya inaimba, ndipo nsalu yoyera itachotsedwa pachiliza mayi aang'ono analira ngati maliro ndi a dzulo. Zimenezo ndidzafotokoza tsiku lina. Lero mutu wanga wadzaza ndi galimoto.

Tinanyamuka cha m'ma 3 koloko, katundu wopepuka. Geji inali pomwe inali dzulo, pamwamba pang'ono pa kota, ndipo ndinachita kuyamikira kagalimotoka kuti sikadya mafuta. Titaoloka dambo lija n'kuyamba chitunda, injini inayamba kutsamwa ngati mwana wodya mbatata mothamanga. Ndikaponda mafuta ikoka pang'ono, kenako n'kusiya, n'kukokanso. Pamalo athyathyathya inachira. Pachitunda chachiwiri inazimiratu. Ndikapotokola kiyi sitata ikuzungulira mwamphamvu, kusonyeza kuti batire ilibe mlandu, injini n'kugwira kamphindi n'kuzimanso.

Alamu anayendetsapo malole zaka zambiri asanapume, ndipo iwo geji saikhulupirira. "Mafuta atha awa, alamu. Kasingano kameneko kamanama." Tinatuma wa kabaza wa njinga yamoto, nabwera ndi malita asanu a m'chigubu pamtengo woti ndikautchula akazi anga akomoka. Titathira, galimoto inalira, n'kukwera chitunda chija ngati palibe chinachitika.

Chimwemwe chinathera paphula. Nditafuna kupitirira lole ya nzimbe, kutsamwa kuja kunabwerera, kanyali kachikasu ka injini n'kuyaka. Tinaima pa kagalaja kena m'mbali mwa msewu. Mnyamata wapamenepo anandiuza kuti nditembenuze kiyi osaliza injini, iye n'kuika khutu pampando wakumbuyo. "Pampu ya mafuta yapita iyi, bwana. Yamoyo imalira kuti ziii. Ndili nayo ina yabwinobwino." Sindinagule. Si nzeru ayi, ndalama zinali zitathera kuchiliza.

Tabwera chokwawa, osapitirira 40 pa ola, minibasi zikutiimbira mahutala. Kuno bwalo lagamula kale mlandu: ndi mafuta a m'chigubu. Achemwali akuti anthu aja amathira madzi, oyandikana nawo nyumba akuti amathira parafini. Inenso ndikuona choncho. Ndagula matenda ndi ndalama zanga.

Lamulungu, Area 36

Wandidzutsa ndi mdzukulu wa achemwali, kamtsikana ka sitandade 3. "Agogo, galimoto yanu yakodza." Ndinatuluka ndi kabudula wogonera. Pansi, kutsogolo pang'ono kwa matayala akumbuyo, dothi linali litada malo aakulu ngati mbale ya nsima, fungo lake losachita kufunsa. Ndipo chapafupi pomwepo achemwali anali akukupiza mbaula ya madzi a tiyi.

Sindinaonepo alamu akuthamanga chomwecho. Ananyamula mbaulayo ndi manja awiri mpaka kuseri kwa nyumba, akukalipa kuti nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, siikwera kumwamba ngati utsi koma imakwawa pansi kufunafuna moto. Tinakankhira galimoto pamtetete, kutali ndi khitchini, ana tinawaletsa kuyandikira. Amati tsoka silinunkha, koma langali lakhala likununkha kuyambira Lachisanu, ine n'kumanamizira jenereta ya eni ake.

Alamu anayala chiguduli n'kulowa chagada ndi tochi ya pafoni. Anatulukako nkhope ili fumbi. Thanki yapindikira m'kati, akuti, ngati chitini choponda ng'ombe, ndipo pamkwinya pake pali kamng'alu kochepa ngati tsitsi komwe mafuta akuchucha, dontho limodzi, kudikira, lina. Anaitanitsa sopo wochapira wa mtanda, n'kumunyowetsa pang'ono, n'kumutikita pamng'alupo mpaka kudontha kunaleka. Nzeru ya madalaivala akale imeneyo: sopo sasungunuka ndi petulo ngati mmene amachitira ndi madzi. Koma anandichenjeza kuti ndi yongofikitsira munthu ku galaja. Ukadutsa pachithaphwi kapena chitsulo chikagwedezeka, wabwerera pomwe unali.

Tsono funso linatsala: kudontha n'kudontha, nanga kutsamwa kuja? Kamng'alu kotere kangataye mafuta, koma sikangatsamwitse injini. Achemwali anaumirirabe pa chigubu. Mwamwayi m'chigubumo munatsalira pang'ono, ndiye tinakhuthulira m'botolo lagalasi loyera n'kuliimika pamthunzi mpaka titabwera kutchalitchi. Lita ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750 pomwe ya madzi ndi kilogalamu yathunthu, choncho madzi akakhalamo amakhazikika pansi, mzere wolekanitsa n'kumaoneka bwinobwino. Komanso petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 ndiponso ku Chikwawa. Ethanol amakondana ndi madzi: madzi akachuluka amamukokera pansi, mafuta n'kuoneka a mbuu. M'botolo lathu munalibe mzere, munalibe mbuu, tizinyalala tiwiri titatu basi. Za parafini botolo silinganene motsimikiza, koma madzi ndiye ayi.

Achemwali sanagonje. Akuti botolo si dokotala.

Madzulo ndinakhala pakhonde kuganiza za mmene kusowa kwa mafuta kwatisinthira tonse. Dziko lathu lilibe doko, dontho lililonse limayenda ulendo wautali kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo kukangovuta ndalama zakunja mizere imayamba, ngati mmene zinalili mu 2011 ndi 2012 n'kubwereranso zaka zaposachedwazi. Tinazolowera kuyenda kanyali kochenjeza kuti mafuta atsala pang'ono kutha katayaka, tinazolowera zigubu, ndiye galimoto ikangotsokomola chala chimathamangira kwa mnyamata wa chigubu. Nthawi zambiri amakhaladi wolakwa. Koma dzulo mnyamatayo ndi amene anatichotsa patchire.

Lolemba, Biwi

Tinanyamuka 5 koloko misewu isanadzaze, alamu ali pambali ndi chozimitsira moto pamiyendo, mawindo onse otsekula. Sopo anagwira.

Amene sanafikepo ku Biwi aganize za mudzi womwe mbewu yake ndi zitsulo. Magalaja khomo ndi khomo, mashopu a zipangizo, owotcherera, osoka mipando, injini zili pansi ngati maungu. Usanazimitse n'komwe galimoto, anyamata atatu akufunsa kale chavuta n'chiyani, aliyense ali ndi m'bale wake wogulitsa chomwe chavutacho. Alamu sanayankhe aliyense. Anandilondolera kuseri, kwa bambo wina wachikulire amene anadziwana naye nthawi ya malole. Onse pamenepo amangowatchula kuti madala.

Ndinayamba kufotokoza kuti tinathira mafuta a m'chigubu ndiye galimoto ikutsamwa. Madala anakweza dzanja.

"Pepani bambo, tiyambe bwino. Inayamba kutsamwa mutathira, kapena munathira chifukwa inatsamwa?"

Ndinakhala chete. Masiku awiri ndakhala ndikufotokoza nkhaniyi mozondoka, mpaka ndekha kuikhulupirira. Galimoto inazima pachitunda chigubu chisanabwere.

"Nanga geji imati bwanji pamene inazima?"

"Pamwamba pa kota."

"Dzulo lake?"

"Pomwepo."

"Mwayenda tsiku lonse kasingano osasuntha, inu n'kumati zili bwino?" Anaseka pang'ono, osati monyoza. Kenako anafunsa za mwala uja: unamenya mbali iti, tinali angati m'galimoto, amene anamva kugunda anakhala pati. Nditanena kuti mayi aang'ono pampando wakumbuyo, anangogwedeza mutu. Thanki ya galimoto zimenezi ili pansi pa mpando umenewo.

Ngakhale anali ataona kale komwe nkhani ikulowera, sanathamangire kumasula. Anayamba ndi zotchipa. Anatsekula chitsekerero cha mafuta akumvetsera. Akuti thanki imafunika kupuma: mafuta akamatuluka, mpweya uzilowa m'malo mwake. Kanjira kopumira kakatsekeka, pampu imakoka mpaka thanki imadzifinya yokha, ndipo ukatsekula chitsekerero imamveka ikumeza mpweya kuti fyuu, galimoto n'kuchira kwa kanthawi. Thanki yotero imathanso kupindikira m'kati popanda mwala uliwonse, ndiye ukangosintha thanki osatsegula kanjirako, yatsopanonso idzapindika. Yanga sinameze mpweya. Anayang'ana fyuzi ndi relay, kaswitchi kopereka magetsi ku pampu, zonse zili bwino.

Ndinawauza za mnyamata wa Loweruka ndi khutu lake lija. Madala anati mnyamatayo sananame dala, anangophunzira pa galimoto zina. Zilipodi zambiri zomwe pampu imalira masekondi angapo ukangotembenuza kiyi. Koma ma Toyota ambiri a zaka zimenezi pampu imadikira mpaka sitata izungulire kapena injini ilire. Kukhala chete kwake pa kiyi si imfa. Ndikanakhala ndi ndalama tsiku lija, bwenzi nditataya pampu yamoyo.

Mnyamata wawo anabwera ndi kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto, ndipo kanaonetsa P0171. Tanthauzo lake, injini ikulandira mpweya wambiri poyerekeza ndi mafuta. Madala anati nambala imeneyi ili ngati mwana wolira njala: sakuuza ngati ufa watha, nkhuni zanyowa kapena wophika wathawa. Ikhoza kubwera chifukwa cha paipi ya mpweya yong'ambika, kachipangizo koyeza mpweya kakada, kutsekeka kwa ma injector (timipopi tofaira mafuta mu injini), kapena mafuta osafika mokwanira. Anaona mapaipi a mpweya, onse ali bwino.

Kenako anatulutsa chomwe ine ndikuona kuti ndi chuma chenicheni cha galaja imeneyi, geji yoyezera mphamvu ya mafuta, yakale, galasi lake losweka pakona. Anayamba achotsa mphamvu yotsalira m'paipi kuti mafuta asawathovukire kumaso, n'kulumikiza gejiyo pa paipi yolowa ku injini. Buku la injini imeneyi, 1NZ-FE, limati mphamvu izikhala pakati pa 304 ndi 343 kPa, zomwe madala amangoti ma bar atatu ndi pang'ono. Injini ikulira payokha, singano inaima pamenepo ndithu. Atazimitsa, tinadikira mphindi zisanu, singano sinagwe kwenikweni, kusonyeza kuti palibe pomwe mphamvu ikuthawira.

"Ndiye pampu ili bwino?" ndinafunsa.

"Pamthunzi aliyense ndi wamphamvu. Tiyeni tikaione kumunda."

Anamangirira gejiyo ku waipa, kunja kwa galasi, kuti tiziiona tikuyenda. Pamsewu wathyathyathya singano inali phee. Titapeza kachitunda, madala anati pondani. Ndinaponda, singano n'kuyamba kutsika, kudutsa pa 2, ikunjenjemera, ndipo nthawi yomweyo kutsamwa kuja kunayamba. Nditachotsa phazi inabwerera pamalo pake. Ndi maso angawa ndinaona matenda amene ndakhala ndikungowamva m'thupi. Mafuta akufika okwanira injini ikamadya pang'ono, koma ikafuna ambiri china chake chikuwapanikiza. Mwina pampu yotopa, mwina sefa yotsekeka. Kuti tidziwe, basi kutsegula.

Anachotsa waya wa batire, n'kuuza owotcherera a pafupi kuti ayambe apuma. Anazula mpando wakumbuyo, pansi pake pali kachitseko, ndipo pansi pa kachitsekoko ndi pomwe pampu imalowera m'thanki kuchokera pamwamba. Pa galimoto zimenezi pampu, fyuluta ndi choyandama cha geji zonse zili pachinthu chimodzi. Pochitulutsa chinakanirira, mpaka anachita kuchipendeketsa. Chitatuluka panalibenso chofotokoza. Kunsi kwa pampu kumakhala kasefa konga kathumba ka tiyi, komwe kamayenera kugona momasuka pansi pa thanki. Kanga kanali kataphwatalala n'kupindika pakhosi, ngati munthu waponda paipi yothirira dimba. Kamkono ka waya ka choyandama kanali ndi zokanda pomwe kamagunda chitsulo chotukuka chija. Sikamatha kutsika kupitirira pamenepo, ndiye chifukwa chake geji inakakamira pa kota mafuta akutha.

Madala anandipatsa tochi kuti ndisuzumire ndekha. Pansi pa thanki panatukuka ngati chulu, pansi penipeni pa pampu. Kambale kamene kamasunga mafuta mozungulira sefa, kuti pachitunda kapena pokhota pampu isamwe mpweya, kanapendekeka. Zonse zinagwirizana tsopano. Pachitunda chija mafuta ochepa otsala anathawira kumbuyo, pampu n'kuyamwa mpweya, injini n'kuzima. Malita asanu aja anamiza sefa, galimoto n'kudzuka. Koma khosi lopindika lija silikanalola mafuta ambiri kudutsa, ndiye paphula ndikafuna liwiro, kutsamwa. Kunja kwa thanki kunali mikwingwirima yoyera ya mwala, umboni woti sinadzifinye yokha.

Pampu anaiyesa padera, ili moyo. Madala anangoti ndiithokoze, chifukwa pampu zimenezi zimaziziritsidwa ndi mafuta omwe zimapopawo, ndipo kuiyendetsa ikuyamwa mpweya kapena ikukoka pa sefa yotsekeka ndi kuifupikitsira masiku. N'chimodzimodzinso chizolowezi chathu chija choyenda kanyali katayaka.

Nkhani inavuta ndi ya thanki. Wowotcherera wa pafupi, yemwe anali akumvetsera zonse, anati ntchito yaing'ono imeneyo: aitsuka, aidzaza madzi, aimenya ibwerere, n'kuwotcherera mng'alu, madzulo ndili pamsewu. Mtengo wake unali wokoma kumva. Madala anakana pamaso pake. Akuti thanki yopanda mafuta ndi imene imapha, osati yodzaza. Zimenezi ndinaziwerengapo: nthunzi ya petulo imayaka ikakhala pakati pa magawo pafupifupi 1.4 ndi 7.6 pa magawo 100 a mpweya. M'thanki yodzaza nthunzi imachulukitsa moti moto umasowa mpweya, koma m'thanki yokhuthula, timafuta totsalira m'makona ndi m'misoko timasakanikirana ndi mpweya pamlingo woyenera bomba. Alipo amisiri odziwa kuitsuka ndi nthunzi ya madzi otentha n'kuikonza bwino, madala sanatsutse zimenezo. Koma anati ngakhale mng'alu utatsekedwa, kambale kam'kati kaja sikangabwerere pamalo pake, chitsulo chokwinyika chimadzang'ambikanso pomwepo, ndipo moto umaotcha utoto wam'kati woteteza dzimbiri. Ena amapopera mpweya wa kompuresa kuti thanki itukuke. Akuti imeneyo ndiye misala, imaphulitsa misoko.

Wowotcherera uja anachoka akung'ung'udza kuti madala amaopa ngati mwana. Ine mumtima ndinali kumbali ya mtengo wotchipa, ndisaname. Alamu ndi amene anandigwira paphewa. "Mumanyamula ana m'galimoto imeneyi, alamu."

Lachiwiri, Area 36

Tsiku lonse lapita ndi nkhani ya thanki. Mnyamata wa madala ananditsogolera kwa ophwasula galimoto zangozi, ndipo anandiphunzitsa kugula. Yoyamba inali yooneka bwino kunja, koma atawalitsa tochi m'kati munali dzimbiri lofiira ngati dothi la katondo. Inakhala pamvula yosatseka. Dzimbiri lotero limatseka sefa yatsopano pa mwezi umodzi. Yachiwiri wogulitsa analumbira kuti ndi ya Fielder, koma titaiyerekeza ndi chithunzi cha yanga, timapaipi take tinaloza kwina. Yachitatu tinaipeza dzuwa lili pamutu, yochokera m'galimoto yomwe inagundidwa kutsogolo. M'kati moyera, misoko youma, pomangira malamba posadyeka. Kukambirana mtengo kunatenga nthawi yaitali kuposa kuyendera mathanki atatuwo. Ndalama ndabwereka kwa achemwali, omwe pondipatsa anati akadakhulupirirabe kuti chigubu chija chinali ndi kanthu.

Kasefa ndi mphira wotsekera pakamwa pa pampu ndagula zatsopano. Madala anati mphira wakale ukauchotsa sukhalanso bwino, ndipo fungo la petulo limadzalowa m'galimoto thanki ikadzaza.

Pamene iwo amamanga, ine ndinatsetserekera ku Old Town wapansi, poti kukhala pagalaja kumangowonjezera nkhawa. Majakaranda ayamba kuchita maluwa. Ndinaoloka mtsinje wa Lilongwe pa timilatho tamitengo tija ta pakati pa misika, tolipira kandalama pooloka, madzi ali ochepa pansi, amayi akuchapa kaunjika. Mzinda uno wakhala likulu kuyambira 1975, misewu yatsopano ikutambasuka kumtunda uko, koma kuno kumsika fumbi ndi phokoso ndi zomwe zija ndinazisiya ndili mnyamata. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya nditaimirira, n'kukwera kabaza kubwerera ku Biwi.

Ndinapeza thanki yalowa. Mafuta anga otsala anawasefa pansalu asanawabwezere. Madala anaunikanso mapaipi onse apansi, kuyambira kuthanki mpaka ku injini, poti mwala womwewo ukanatha kufinya paipi. Anapeza kokanda kokha. Tinakapeza mafuta titaima pamzere maola awiri, ndipo anaumirira kuti tidzaze ndithu, chifukwa kudontha kwa pamwamba sikuoneka thanki ili theka. Kasingano kanakwera mpaka kumapeto. Anamangiriranso geji yawo ija ku waipa, tinabwerera pa kachitunda kadzulo, ndinaponda mpaka pansi. Singano sinasunthe pa 3 ndi pang'ono. Anafufuta P0171, tinazungulira mpaka ku Kanengo n'kubwerera, kanyali sikanayakenso.

Powalipira ndinawafunsa kuti geji yawoyo anaigula liti. Akuti sakumbuka, koma anyamata ambiri safuna kuigwira, amati imachedwetsa ntchito.

Lachitatu, Lizulu

Ndanyamuka 6 koloko. Alamu anandiperekeza mpaka pageti, n'kundiponyera m'galimoto chotsala cha sopo uja. Pa Nathenje ndinaima, n'kugwada kumbuyo, anthu a pa siteji akundiyang'ana. Pouma. Pa Linthipe ndinagwadanso. Zitunda za ku Dedza yakwera osatsokomola, ndipo kasingano kakutsika pang'onopang'ono monga kayenera, moti ndikumakayang'ana kuposa msewu.

Pano ndaima pa Lizulu kukwaniritsa lonjezo. Amayi aja andikumbuka, ndipo akuti thumba lachiwiri la kachewere andichotsera mtengo ndikatenga awiri. Akazi anga pafoni akuti nditenge onse, ndi makabichi omwe, ndi anyezi wa apongozi. Ndayang'ana matayala akumbuyo, ndakumbuka kamsewu kolowera kunyumba kwathu ku Bangwe. Ndatenga thumba limodzi, ndipo ndaliika pampando wakutsogolo.